Dimba la pasukulu ndi kuwerenga kwa ana a mabanja ochokera ku Mexico

Funso: Ndine mayi wa ku Malawi, ndikukhala ku Indiana m'dziko la America, ndipo ndimathandiza aphunzitsi m'kalasi ya giredi 3. Ana ambiri m'kalasimu ndi a mabanja ochokera ku Mexico, ndipo angapo akuvutika kuwerenga Chingelezi pomwe mayeso a boma oyesa kuwerenga, otchedwa IREAD, akuyandikira. Chaka chino sukulu yatsegula dimba ndi kuyambitsa maphunziro a zachilengedwe. Bambo wina anatiuza mosapsatira kuti sanavutike kubwera dziko lino kuti mwana wake adzagwire khasu. Makolo ambiri sabwera n'kumisonkhano komwe. Kodi dimbali silikudya nthawi yowerenga? Nanga ndiwalangize makolo kuti asiye Chisipanishi pakhomo kuti ana adziwe Chingelezi msanga?

Yankho: Mayi, funso lachiwirilo ndiliyankhiretu: ayi, musawalangize zimenezo. Kholo limene Chingelezi chake n'chopereweza likasiya Chisipanishi, silidzuka m'mawa likulankhula Chingelezi chabwino. Limangochepetsa kucheza ndi mwana wake. Nthano zimazilala, malangizo a pachakudya chamadzulo amafupika, otsala amakhala mawu a "idya", "samba", "kagone". Mwana amataya mawu ochuluka m'chinenero chimodzi osapeza olowa m'malo mwake m'chinacho. Gulu la akatswiri lotchedwa National Literacy Panel on Language-Minority Children and Youth, limene linasanthula kafukufuku wa nkhani imeneyi ku America, linanena mu 2006 kuti kudziwa kuwerenga m'chinenero cha pakhomo kumamuthandiza mwana powerenga Chingelezi. Katswiri wa maphunziro a zinenero Jim Cummins anali atafotokoza kale chifukwa chake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970: mwana amaphunzira kamodzi kokha kuti zilembo zimaimira maliwu, kuti nkhani imalondoloza, kuti ukapanda kumva umabwerera pandime yapita. Luso limeneli amawoloka nalo kupita ku chinenero china. Ndipo Chisipanishi n'chosavuta kuyambira, chifukwa chimawerengedwa monga chalembedwera. Ana ambiri ku Mexico amayamba ndi ma, me, mi, mo, mu, ndendende mmene ife tinayambira mu Sitandade 1.

Dziwaninso kuti malangizo oterowo ali ndi mbiri yowawa pakati pa anthu amenewa. M'tawuni ya Marfa ku Texas munali sukulu ya Blackwell, ya ana a mtundu wa ku Mexico okhaokha, imene inatsekedwa mu 1965. Mu 1954 aphunzitsi anauza ana kuti alembe pa timapepala kuti sadzalankhulanso Chisipanishi, timapepalato anatiika m'kabokosi, n'kukakakwirira pabwalo la sukulu ngati maliro. Lero sukuluyo ndi malo a mbiri otetezedwa ndi boma la America. Agogo a ana ena amene mukuwaphunzitsa anakula m'nthawi imeneyo, ndipo ena anasankha dala kusaphunzitsa ana awo Chisipanishi poopa kuti nawonso angalangidwe. N'chifukwa chake musaganize kuti mwana aliyense wa dzina la Chisipanishi amalankhula Chisipanishi. Anthu a mtundu wa ku Mexico ku America alipo oposa 37 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anabadwira komweko. Mabanja ena a ku Texas, New Mexico ndi California sanawoloke malire n'komwe; dera lawo, limene kale linali la Mexico, ndilo linalowa m'manja mwa America m'zaka za m'ma 1840, ndipo malire atsopano anakhazikitsidwa ndi pangano la Guadalupe Hidalgo limene linathetsa nkhondo ya maiko awiriwa mu 1848. Ku Indiana kwanuko, anthu a ku Mexico anayamba kudzagwira ntchito m'mafakitale a zitsulo ku East Chicago ndi Gary zaka zoposa 100 zapitazo. Aliponso ongofika kumene amene chinenero chawo cha pakhomo ndi Mixteco, Zapoteco kapena Purépecha, ndipo Chisipanishi n'chachiwiri. Funsani banja lililonse palokha.

Tsopano za khasu. Bambo aja sanalankhule mwachibwana, ndipo ine ndili kumbali yawo pa theka la nkhaniyi. M'minda ikuluikulu ya ku California, aganyu ankapatsidwa khasu la mpini waufupi kwambiri, lotchedwa el cortito, lopatulira ndi kupalira mbewu monga letesi. Munthu ankawerama tsiku lonse, ndipo akapitawo ankalikonda chifukwa aliyense wowongoka msana ankaonekera patali kuti wasiya ntchito. Anthu ambiri anapunduka nalo msana. Boma la California linaliletsa mu 1975 aganyuwo atamenyera nkhondo m'makhoti, m'zaka zomwezo pamene bungwe la aganyu a m'minda lotsogozedwa ndi Cesar Chavez ndi Dolores Huerta linkalimbana ndi eni minda ya mphesa. Kwa munthu amene wachokera m'moyo wotere, kapena amene lero amaima maola ambiri pamakina m'fakitale, sukulu ndi khomo lotulukira. Akamva kuti mwana wake watulutsidwa m'kalasi kukazula udzu, amaona ngati khomolo likutsekedwa. Mu 2010 magazini ya The Atlantic inasindikiza nkhani yotsutsa madimba a m'sukulu za ku California pa mfundo yomweyi, ndipo mkangano wake unali waukulu.

Dimba limene ana amangothirira, kuzula udzu ndi kujambulidwa zithunzi, n'kubwerera m'kalasi osalemba kanthu, ndi lakuba nthawi, ndipo limabera kwambiri mwana amene ali kale m'mbuyo. Pamenepo ndivomerezana nawo bamboyo. Pamene ndisiyana nawo ndi apa: kuwerenga kuli ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kutha kulumikiza zilembo ndi maliwu mpaka mawu atuluke. Yachiwiri ndi kumvetsa zimene mawuwo akunena. Dimba silingaphunzitse mbali yoyambayo ngakhale pang'ono. Imeneyo imafuna phunziro lakelake tsiku ndi tsiku. Koma ana ambiri ophunzira Chingelezi amafika potchula mawu bwinobwino, n'kumagwa pa mbali yachiwiri, chifukwa nkhani za pamayeso zimakamba zinthu zimene alibe nazo mawu kapena chithunzi m'mutu. Mu 1988 ofufuza Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana ndime yofotokoza masewera a baseball. Ana ofooka powerenga koma odziwa masewerawo anaimvetsa kuposa ana odziwa kuwerenga amene sankawadziwa. Zimene mwana akudziwa kale pa nkhaniyo zimamunyamula. Ndiye funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi ndi nkhani ziti zimene ana anuwo, kapena makolo awo, amazidziwa kuposa buku? Zomera, nthaka, nyengo ndi chakudya zili m'gulu limenelo.

Izi zinaonekera bwino ku Tucson, m'chigawo cha Arizona. Luis Moll, Norma González, Cathy Amanti ndi Deborah Neff anasindikiza mu 1992 zotsatira za ntchito imene aphunzitsi ankapita m'makomo a mabanja a mtundu wa ku Mexico. Sankapita kukadandaula za mwana kapena kukaphunzitsa makolo kulera. Ankapita kukafunsa ndi kumvetsera. Anapeza nkhokwe ya nzeru, imene ankaitchula kuti funds of knowledge: ulimi, kuweta ziweto, mankhwala azitsamba, zomangamanga, kukonza galimoto, malonda a mbali zonse za malire. Amanti anaona kuti mnyamata wina wa m'kalasi yake ankagulitsa maswiti obwera nawo kuchokera ku Mexico. Kalasi yonse inachita kafukufuku wa maswiti, kuwerenga zolembedwa pamapaketi, kuyerekeza a ku Mexico ndi a ku America, ndipo mayi wina anabwera kudzaphunzitsa kapangidwe ka maswiti otchedwa pipitoria. Tsiku limenelo mayiyo ndiye anali mphunzitsi, ndipo ana anamuona atayima kutsogolo.

Tengani chimanga, popeza inunso mumachidziwa bwino ndipo Indiana yadzaza nacho. Chimanga chinayambira kumwera kwa Mexico, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte umene ngala yake ili ndi timaso towerengeka. Alimi a kumeneko amachidzala pamodzi ndi nyemba ndi maungu m'munda umene amautcha milpa: nyemba zimayanga paphesi, mizu yake imawonjezera chonde, masamba a maungu amaphimba nthaka kuti chinyezi chisathawe. Ikani chimanga chachiwisi chosasenda patebulo la ana anayi. Asende okha, awerenge mizere, aone kuti nthawi zonse mizereyo imakhala yogawika pawiri, atsate ndevu imodzi mpaka pa diso lake. Auzeni kuti ndevu iliyonse imafuna mungu wochokera ku ngayaye, apo ayi disolo silikhwima, ndipo n'chifukwa chake chimanga china chimakhala ndi magweru. Kenako aliyense ajambule m'kope mwake, alembe maina a ziwalozo m'zinenero zonse ziwiri, alembe ziganizo zitatu za zimene waona. Akatero mubweretse ndime ya m'buku yofotokoza za mungu. Mudzaona mwana amene amakhala chete akukweza dzanja, chifukwa mawu akuwerengawo ali ndi chinthu chimene wachigwira kale.

Ntchito ya kunyumba ikhale yofunsa: agogo kapena amayi amakonza bwanji chimanga chopangira zakudya za kwawo monga tortilla kapena tamales? Ena adzabwera ndi yankho lakuti amagula ufa wopangiratu kusitolo, ndipo palibe cholakwika. Koma wina adzabwera ndi nkhani ya nixtamal, kuphika chimanga ndi laimu, kuchisiya usiku wonse, kuchitsuka n'kuchipera. Njira imeneyi imamasula vitamini ya niacin imene thupi silingaitenge bwino m'chimanga chosaphikidwa motero, ndipo imateteza ku matenda a pellagra. Chimanga chinafika kwathu ku Africa popanda njira imeneyi. Mwana wa zaka 8 akalemba masitepe ake mwandondomeko, choyamba, kenako, pomaliza, akuchita ndendende zimene mayeso amafuna pa nkhani zofotokoza ndondomeko, ndipo gwero lake ndi mayi ake.

Pali mwayi wina umene aphunzitsi ambiri sautola. Mawu ambiri ovuta a sayansi m'Chingelezi anachokera ku Chilatini, ndipo Chisipanishi ndi mwana wa Chilatini. Mwana amene amati sol, luna, agua, árbol pakhomo ali kale ndi kiyi wa solar, lunar, aquatic ndi arboreal, mawu amene mnzake wolankhula Chingelezi chokha amawapeza achilendo. Ana sazindikira okha zimenezi, pamafunika wowalozera. Pachikani pepala lalikulu pakhoma, ndipo mawu otere akapezeka m'dimba kapena m'buku, mwana amene wawatulukira akalembe yekha.

Ngati dimbalo lili ndi malo, dzalani chomera cha milkweed, chimene m'Chisipanishi amati algodoncillo. Agulugufe a mtundu wotchedwa monarch amaikira mazira pa chomera chimenechi basi, ndipo mbozi zake sizidya china. Agulugufe amene amachoka ku Indiana chilimwe cha kumeneko chikamatha amauluka makilomita pafupifupi 3,000 mpaka ku mapiri a Michoacán ndi chigawo cha Estado de México, kumene amaunjikana m'mitengo ya oyamel mpaka nthambi kuwerama. Amafika kumayambiriro kwa November, nthawi ya mwambo wokumbukira akufa wa Día de Muertos, ndipo anthu ambiri a m'midzi imeneyo amawaona ngati mizimu ya abale yobwera kudzacheza. Asayansi a ku Canada ndi America anadziwa za malowa mu 1975 atafufuza zaka zambiri, pomwe anthu a m'midzimo ankawaona chaka chilichonse. Ulendo wobwerera kumpoto umatenga mibadwo ingapo ya agulugufe, moti amene amafika ku Indiana ndi ana kapena zidzukulu za amene anachoka. Michoacán ndi chimodzi mwa zigawo zimene zatumiza anthu ambiri ku America, choncho n'kutheka kuti m'kalasi mwanumo muli mwana amene agogo ake amakhala kufupi ndi mapiriwo. Apa pali mapu oti awerenge, makilomita oti awerengetsere, masiku oti alembe kuyambira dzira mpaka gulugufe, ndi kalata yoti alembere agogo. Musamukakamize mwana aliyense kufotokoza za ulendo wa banja lake. Ena ali ndi zifukwa zomveka zokhalira chete.

Koma musanakumbe paliponse, fufuzani ngati nthaka ya dimbalo inayezedwa mtovu. Ili ndilo gawo la zachilengedwe limene limakhudza kuwerenga mwachindunji, ndipo limandipweteka mtima kuti limaiwalika. Mu 2016 ku East Chicago, m'chigawo chanu chomwecho, anthu oposa 1,000 anauzidwa kuti asamuke m'nyumba za West Calumet chifukwa nthaka inali ndi mtovu ndi poizoni wa arsenic wotsala ndi mafakitale akale, ndipo ana a sukulu ya Carrie Gosch anasamutsidwira kwina. Penti wa mtovu analetsedwa m'nyumba za ku America mu 1978, koma nyumba zakale za lendi, zimene mabanja osauka amakhalamo, zikadali naye, ndipo fumbi lake limagwera m'nthaka. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete: chidwi chimachepa, kukumbukira kumavuta. Ofesi ya alangizi a zaulimi ya Purdue Extension ya m'dera lanu ingakuuzeni koyezetsa nthaka, ndipo ngati pali chikayiko, dzalani m'mabedi okwezeka a dothi lobwera nalo. Ku Salinas Valley ku California, kafukufuku wa CHAMACOS wa yunivesite ya California ku Berkeley anayamba kutsata amayi oyembekezera 601 mu 1999 ndi 2000, ambiri mwa iwo a mabanja a aganyu a m'minda ochokera ku Mexico. Mu 2011 anapeza kuti ana a amayi amene anali ndi mankhwala ambiri ophera tizilombo a mtundu wa organophosphate m'thupi ali oyembekezera, anatsika ndi mapointi 7 pa mayeso a nzeru ali ndi zaka 7, poyerekeza ndi ana a amayi amene anali ndi ochepa. Kuyambira 2018 California imaletsa kupopera mankhwala m'njira zina pamtunda wa mamita pafupifupi 400 kuchokera pasukulu nthawi ya maphunziro.

Mabuku ambiri a zachilengedwe amakamba za nkhalango zakutali ndi zimbalangondo za kumadzi oundana. Kwa mabanja awa chilengedwe ndi zovala za bambo zonunkha mankhwala zimene siziyenera kuchapidwa pamodzi ndi za ana, madzi a pampopi, ndi utsi wa malole pamsewu wa kuseri kwa nyumba. Nkhani imene ndingakonde bambo aja aimve ndi ya Kettleman City, katawuni ka aganyu ku California. Kampani ina inafuna kumanga ng'anjo yowotchera zinyalala zapoizoni pafupi ndi tawuniyo. Lipoti lofotokoza zotsatira zake linali lalikulu ndiponso la Chingelezi, pomwe anthu ambiri ankalankhula Chisipanishi. Anapempha kuti limasuliridwe, akuluakulu a deralo sanawamvere. Anthuwo anapanga gulu la El Pueblo para el Aire y Agua Limpio, anapita kukhoti, ndipo mu 1991 woweruza anagamula kuti lipotilo linali lopereweza komanso kuti kusalimasulira kunawatsekera anthu mwayi wotengapo mbali. Mu 1993 kampaniyo inasiya ganizolo. Mwana amene waphunzira kuwerenga chizindikiro cha chenjezo pabotolo, tebulo la zotsatira za nthaka ya pasukulu pake, ndi kalata ya ku ofesi ya zamadzi, ndi amene mawa adzawerengere mudzi wake lipoti lotere. Kwa ana a giredi 3 yambani mofatsa, osawaopseza: kusamba m'manja pochoka m'dimba ndi chifukwa chake, kuvula nsapato pakhomo, kuwerenga manambala a lipoti la nthaka limodzi ndi aphunzitsi.

Kuti zimenezi n'zotheka pasukulu ya boma ya ana osauka, onani Manzo Elementary ya ku Barrio Hollywood mumzinda wa Tucson. Ali ndi dimba, nkhuku, matanki a madzi a mvula ndi malo opangira manyowa, ndipo ana amayeza, kulemba ndi kugulitsa zokolola. Mu 2012 inalandira ulemu wa bungwe la U.S. Green Building Council monga sukulu yosamala chilengedwe.

Za makolo osabwera kumisonkhano, musafulumire kunena kuti alibe chidwi. Ambiri amagwira ntchito za mashifiti ndipo kujomba ola limodzi ndi kutaya ndalama kapena ntchito imene. Ena anakulira kumene mphunzitsi salowereredwa, ndipo amaona kuti gawo lawo ndi kutumiza mwana waulemu, wosamba, wakudya. Ena amaopa chilichonse chooneka ngati ofesi ya boma. Khoti Lalikulu la America linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira m'sukulu za boma posatengera ngati ali ndi mapepala omuloleza kukhala m'dzikomo, choncho nkhani ya mapepala musaiyandikire n'komwe. Sukulu ilinso ndi udindo mwalamulo wolankhula ndi makolo m'chinenero chimene akumva, ndipo si bwino kugwiritsa ntchito mwana ngati womasulira pa nkhani ya kulephera kwake komwe. Kalata yoti "bwerani tidzakambirane za mavuto a mwana wanu" imachititsa mantha. Pempho loti "tikufuna wina wodziwa kudzala tsabola ndi tomatillo adzatiwonetse Loweruka" limamveka mosiyana, ndipo nthawi zambiri amene amabwera ndi agogo. Inu muli ndi mwayi pamenepa: ndinu mlendo mnzawo, munaphunzira Chingelezi kusukulu, ndipo bonongwe amene ena amamuzula ngati udzu mumamudziwa kuti ndi ndiwo, monga iwo amamudyera m'gulu la masamba amene amawatcha quelites.

Bambo aja musawayankhe ndi mawu ambiri. Pemphani aphunzitsi kuti awaitane pa nthawi imene iwo angathe, pakhale womasulira wamkulu, ndipo muwaonetse kope la mwana wawo: zojambula za maina awiriawiri, manambala a kutalika kwa mbewu sabata ndi sabata, ndime zimene walemba. Ngati kopelo lilibe kanthu, dandaulo lawo ndi loona ndipo phunzirolo likonzedwe: ulendo uliwonse wa kudimba uzikhala ndi chowerenga usanayambe ndi cholemba ukatha, ndipo usamalowe m'nthawi ya phunziro la maliwu ndi zilembo. Kwa ana amene akuvutikabe kutchula mawu, pemphani kuti ayesedwe padera, ndipo ngati anaphunzirapo kuwerenga Chisipanishi ayesedwenso m'Chisipanishi. Mwana amene amawerenga bwino Chisipanishi koma akukakamira m'Chingelezi akusowa mawu ndi nthawi, ndipo dimba limuthandiza. Amene akukakamira m'zinenero zonse ziwiri akufunika thandizo lapadera la tsiku ndi tsiku m'kagulu kakang'ono, ndipo ngati banja lake likukhala m'nyumba yakale, makolo auzidwe kuti atha kupempha kuchipatala kuti magazi ake ayezedwe mtovu.